Mmene Kuwala Kunafikira Polamula Maginito

Kuwala ndi maginito ndi zinthu ziwiri zimene anthu akhala akuzidziwa kuyambira makedzana, koma kwa zaka mazanamazana panalibe umboni woti ziwirizi zili pachibale. Kuwala inali nkhani ya dzuwa, moto ndi maso, pamene maginito inali nkhani ya mwala wokoka zitsulo ndi kasingano ka kampasi kolozera amalinyero njira panyanja. Masiku ano akatswiri a sayansi amatha kutenga kachidutswa kopyapyala kwambiri, kamene kuchindikala kwake ndi maatomu owerengeka chabe, n'kukawalitsira kuwala kwa kanthawi kochepetsetsa, ndipo maginito a m'kachidutswako amatembenuka n'kuloza kwina. Luso limeneli silinabadwe tsiku limodzi. Linatenga zaka zoposa 170, ndipo mbiri yake ikuonetsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza: funso linkayamba kufunsidwa chipangizo choliyankhira chisanapangidwe, kotero kuti wofunsa ndi woyankha kawirikawiri anali anthu a mibadwo yosiyana.

Kufunika kwa Maginito

Maginito aliwonse ali ndi mbali ziwiri, ya kumpoto ndi ya kummwera. Pa chifukwa chimenechi kamaginito kakang'ono kangathe kusunga uthenga: kakaloza m'mwamba kaimira 1, kakaloza pansi kaimira 0. Manambala awiriwa ndiwo chinenero cha kompyuta, ndipo mawu, zithunzi ndi nyimbo zomwe zimalembedwa powandandalika m'mizere italiitali. Ubwino wa maginito ndi woti saiwala. Magetsi akazima, timaginito timakhalabe tikuloza kumene tinasiyidwa.

Woyamba kusunga mawu pa maginito anali Valdemar Poulsen wa ku Denmark, amene mu 1898 anajambula mawu a munthu pa waya wachitsulo. Pambuyo pake kunabwera matepi ndi makaseti, ndipo mu 1956 kampani ya IBM ya ku America inatulutsa makina oyamba osungira uthenga wa kompyuta pa zimbale za maginito. Makinawo anali ndi zimbale 50, chilichonse chotambalala masentimita 61, ndipo zonse pamodzi zinkasunga zilembo pafupifupi 5 miliyoni. Lero chimbale choti munthu n'kuchinyamula m'dzanja limodzi chimasunga uthenga woposa pamenepo maulendo mamiliyoni angapo.

Komabe kalembedwe kake sikanasinthe kwenikweni. Kuti kamaginito katembenuke pamafunika maginito ena amphamvu, opangidwa poyendetsa magetsi m'kawaya kokulungiza. Njira imeneyi ili ndi malire a liwiro, ndiponso gawo lina la magetsiwo limangosanduka kutentha. Bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti mu 2024 nyumba zikuluzikulu zosungiramo makompyuta zinagwiritsa ntchito pafupifupi magawo 1.5 pa magawo 100 alionse a magetsi onse a pa dziko lapansi. Aliyense wotumiza uthenga pa intaneti kapena wosunga ndalama ku banki amadalira nyumba zoterezi. Ichi n'chifukwa chake njira yolembera uthenga mofulumira ndiponso mosawononga magetsi ikufunidwa ndi maso ofiira.

Galasi la Michael Faraday

Mu 1820 Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anaona kuti magetsi akamayenda m'waya, singano ya kampasi yomwe ili pafupi imapotoka. Apa panadziwika kuti magetsi ndi maginito ndi pachibale. Mmodzi mwa anthu amene anachita chidwi ndi nkhaniyi anali Michael Faraday wa ku England. Iye anabadwa mu 1791 m'banja losauka la mmisiri wosula zitsulo, ndipo sukulu sanapite nayo patali. Ali mnyamata anaphunzira ntchito yosoka ndi kukutira mabuku, ndipo nzeru zake zoyamba za sayansi anazitola powerenga mabuku amene ankabwera kudzakutidwa. Mu 1813 analembedwa ntchito yothandizira Humphry Davy ku Royal Institution mu mzinda wa London, komwe anagwirako ntchito pafupifupi moyo wake wonse.

Faraday ankakhulupirira kuti mphamvu zonse za chilengedwe zili ndi gwero limodzi. Ngati magetsi ndi maginito ndi pachibale, kuwala kungalekerenji kukhala m'banja lomwelo? Kuyambira mu 1822 anayesa kangapo kupeza umboni wake koma osaphula kanthu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1820 anapatsidwa ntchito ina yotopetsa, yofufuza kapangidwe ka magalasi abwino a makina oonera nyenyezi. Anatha zaka zingapo ali pa ng'anjo, koma magalasi ake sanathandize kwenikweni pa ntchito imene anawapangira. Anangotsala ndi zidutswa za galasi lolemera, losakaniza ndi mtovu wambiri, zimene anazisunga.

Kuti zimene zinachitika pambuyo pake zimveke bwino, n'kofunika kudziwa kayendedwe ka kuwala. Munthu akamangirira chingwe ku mtengo n'kumachigwedeza, mafunde amayenda m'chingwemo. Angathe kuchigwedeza chokweza ndi chotsitsa, kapena cham'mbali, kapenanso mozunguza dzanja. Chingwecho chikadutsa pa mpata wa pakati pa nsungwi ziwiri zoimirira, mafunde okwera ndi kutsika okha ndiwo amapyola. Kuwala nakonso ndi mafunde. Kuwala kwa dzuwa kapena kwa nyale kumagwedezeka mbali zonse, koma kungathe kusefedwa kuti kutsale kogwedezeka mbali imodzi yokha. Kuwala kosefedwa chotere kukafika pa sefa yachiwiri yoikidwa mopingasa, sikupyola, ndipo woyang'ana amangoona mdima.

Mu Ogasiti 1845 Faraday analandira kalata yochokera kwa William Thomson, mnyamata wa zaka 21 amene pambuyo pake anadzatchuka ndi dzina loti Lord Kelvin. Kalatayo inamukumbutsa funso lake lakale lija. Anayambiranso kuyesa ndi magetsi, koma sanaone kusintha kulikonse. Kenaka anatembenukira ku maginito. Pa 13 Sepitembala, 1845, anatenga chidutswa cha galasi lolemera lija n'kuchiika pafupi ndi mitu ya maginito amphamvu oyendera magetsi. Anadutsitsa kuwala kosefedwa m'galasimo, ndipo kutsogolo kwake anaika sefa yopingasa kuti pakhale mdima. Atayatsa maginito, lawi la nyale linaoneka. Atawazimitsa, mdima unabwerera. Maginito anali atapotoza mbali imene kuwala kunkagwedezekera. Galasi limene linamulemetsa kwa zaka zambiri ndilo linamupatsa yankho la funso limene analifunsa zaka 23 m'mbuyomo.

Kuwala Kukhala Mboni

Patapita zaka 20, mu 1865, James Clerk Maxwell wa ku Scotland anafotokoza ndi masamu kuti kuwala ndi funde la magetsi ndi maginito zoyendera limodzi. Mu 1877 John Kerr, amene ankaphunzitsa masamu pa sukulu ya aphunzitsi mu mzinda wa Glasgow, anafalitsa zimene anapeza atapukuta mutu wa maginito mpaka kunyezimira ngati kalilole. Kuwala kosefedwa kukagunda pa mutuwo n'kubwerera, nakonso kunkapotoka pang'ono, ndipo kunkapotokera kumanja kapena kumanzere malinga ndi kumene maginitowo akuloza. Phindu la zimenezi ndi lalikulu. Munthu angathe kudziwa kumene maginito akuloza popanda kuwakhudza, pongowawalitsira kuwala n'kuyeza kumene kwabwerera.

Faraday anali ndi funso linanso limene sanathe kuliyankha. Mu 1862, ali wokalamba, anayesa kuona ngati maginito angasinthe mtundu wa kuwala kotuluka m'lawi la moto, koma zipangizo zake zinali zofooka ndipo sanaone kanthu. Mu 1896 Pieter Zeeman wa ku Leiden m'dziko la Netherlands anabwereza ntchito yomweyo ndi zipangizo zabwinopo, ndipo kusinthako kunaoneka. Iye pamodzi ndi mphunzitsi wake Hendrik Lorentz analandira mphotho ya Nobel mu 1902.

M'zaka zotsatira chinsinsi cha maginito chinavundukulidwa. Mu 1925 George Uhlenbeck ndi Samuel Goudsmit, a ku Leiden komweko, anafotokoza kuti elekitironi iliyonse ya m'atomu ili ngati kamaginito kakang'ono, ndipo mkhalidwe umenewu unatchedwa spin poufanizira ndi kuzungulira kwa nguli. M'zinthu zambiri timaginito timeneti timaloza chisawawa n'kumafafanizana mphamvu. M'chitsulo timagwirizana n'kuloza mbali imodzi ngati asilikali pa perete. Kutentha ndiko mdani wa mgwirizano umenewu, chifukwa kumagwedeza maatomu. Pierre Curie wa ku France anali ataonetsa kale mu 1895 kuti chinthu chilichonse cha maginito chili ndi mlingo wa kutentha pamene mphamvu yake imathera. Pa chitsulo mlingowo ndi madigiri 770.

Pofika apa kuwala kunali mboni chabe. Kunkanena kumene maginito akuloza, koma kunalibe mphamvu yowatembenuza. Funso latsopano linali loti: ngati maginito amasintha kuwala, kodi kuwala sikungasinthenso maginito? Kuwala kwa nyale ngakhale kwa dzuwa kunali kofooka kwambiri pa ntchito yotere, choncho funsoli linadikira chipangizo chake.

Kubwera kwa Laser

Chipangizocho chinapezeka pa 16 Meyi, 1960, pamene Theodore Maiman wa ku California anayatsa laser yoyamba pogwiritsa ntchito mwala wofiira wa ruby. Laser imatulutsa kuwala kwa mtundu umodzi, kolunjika, ndiponso kotheka kukusonkhanitsira pa kadontho kakang'ono ndi mphamvu yoopsa. Patangopita zaka zisanu, mu 1965, Jan van der Ziel, Peter Pershan ndi L. D. Malmstrom a ku yunivesite ya Harvard anaonetsa kuti kuwala kozungulira, kofanana ndi funde la chingwe chogwedezedwa mozunguza dzanja, kumadzutsa mphamvu ya maginito m'chinthu chimene kukudutsamo. Kukazungulira chakumanja maginitowo amaloza mbali ina, kukazungulira chakumanzere amaloza mbali inzake. Uku kunali kutembenuza zimene Faraday anapeza zaka 120 m'mbuyomo. Koma mphamvuyo inali yochepa, ndipo inkatha kuwala kukangozima.

Amalonda anapeza njira yachidule. Pa zimbale zing'onozing'ono za nyimbo zotchedwa MiniDisc, zimene kampani ya Sony ya ku Japan inatulutsa mu 1992, laser inkatenthetsa kadontho ka pa chimbale mpaka mphamvu ya maginito itatha. Kadonthoko kakamazizira, maginito oyendera magetsi a kuseri kwa chimbale ndiwo ankakauza koloza. Powerenga nyimbozo, makinawo ankatsata njira ya John Kerr. Apa kuwala kunali ngati mnyamata wopukusa mvukuto, pamene wosula weniweni anali maginito.

Kusintha kwakukulu kunabwera pamene akatswiri anaphunzira kudula kuwala kwa laser m'timphezi tatifupi kwambiri. Nthawi ya timphezi timeneti imayezedwa m'mapikosekondi ndi m'mafemtosekondi. Pikosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000,000 a sekondi, ndipo femtosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a pikosekondi. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, koma pa mafemtosekondi 60 sikutha n'komwe kuwoloka tsitsi limodzi la munthu m'mimba mwake.

Mu 1996 Eric Beaurepaire, Jean-Yves Bigot ndi anzawo awiri a ku Strasbourg m'dziko la France anawombera kamphezi ka mafemtosekondi 60 pa kachitsulo kopyapyala ka nickel. Poyeza ndi njira ya Kerr, anapeza kuti mphamvu ya maginito inatsika kwambiri pikosekondi imodzi isanathe. Zimenezi zinadabwitsa ambiri, pakuti ankakhulupirira kuti maginito sangasinthe msanga chotere. Mu 2004 akatswiri ena ku Stanford m'dziko la America anayesa liwiro la njira yakale ija. Anapeza kuti maginito olembera akayatsidwa kwa mapikosekondi awiri okha, timaginito ta pa chimbale timatembenuka mwachisawawa, tina inde tina ayi. Njira yakale inali itafika pa malire ake, pamene kuwala kunkaoneka kuti kungathe kupitirira malirewo.

Kufafaniza uthenga n'kosiyana ndi kuulemba. Amene anakwanitsa kulemba anali gulu la ku yunivesite ya Radboud mu mzinda wa Nijmegen ku Netherlands, lotsogozedwa ndi Theo Rasing, mogwirizana ndi anzawo a ku yunivesite ya Nihon ku Japan. Mu 2007 wophunzira wina wa m'gululo, Daniel Stanciu, pamodzi ndi anzake anaonetsa kuti kamphezi kamodzi ka mafemtosekondi 40 kangathe kutembenuza maginito a chitsulo chosakaniza ndi gadolinium ndi cobalt, popanda maginito ena owathandizira. Kwa nthawi yoyamba kuwala pakokha kunalemba 0 ndi 1.

Chifukwa chake chinabutsa mtsutso. Poyamba ankaganiza kuti kuzungulira kwa kuwala ndiko kunkagwira ntchitoyo, monga anaonera a ku Harvard aja. Koma mu 2011 Ilie Radu ndi anzake, poyeza ndi makina a X-ray ku Berlin, anaona kuti timaginito ta chitsulo ndi ta gadolinium, tomwe mwachibadwa timaloza mosemphana, timafooka pa liwiro losiyana tikatenthedwa mwadzidzidzi. Ta chitsulo timatembenuka msanga, ta gadolinium n'kutsatira pambuyo. Mu 2012 Thomas Ostler ndi anzake a ku yunivesite ya York ku England anaonetsa kuti m'chitsulo chosakaniza chimenechi kutentha kwadzidzidzi pakokha n'kokwanira. Luso linali litapezeka, koma kulifotokoza kunatenga zaka zina zisanu.

Maginito Opyapyala ngati Maatomu

Pamene ena ankalimbana ndi liwiro, ena ankalimbana ndi msinkhu. Kodi maginito angapyapyale kufika pati asanataye mphamvu? Mu 1966 David Mermin ndi Herbert Wagner a ku yunivesite ya Cornell anaonetsa ndi masamu kuti m'chinthu chopyapyala ngati mzere umodzi wa maatomu, kutentha ngakhale kochepa bwanji kumamwaza mgwirizano wa timaginito. M'chitsulo chochindikala atomu iliyonse ili ndi anansi pamwamba, pansi ndi m'mbali oigwiriziza, pamene m'chopyapyala anansi amachepa. Mutu umodzi susenza denga. Komabe masamuwo anasiya khomo limodzi lotseguka. Lamuloli limagwira ntchito pamene timaginito tili ndi ufulu woloza mbali iliyonse. Ngati kapangidwe ka chinthucho kakutikakamiza kuloza m'mwamba kapena pansi basi, monga munthu woyenda pa mlatho wa mtengo umodzi amene angayang'ane kutsogolo kapena kumbuyo kokha, mgwirizano ungathe kupulumuka. Koma pa nthawiyo panalibe njira yapafupi yopezera kachidutswa koyera kopyapyala chotere kuti ayesere.

Njirayo inapezeka ku yunivesite ya Manchester ku England, ndipo chipangizo chake chinali selotepi wamba. Mu 2004 Andre Geim ndi Konstantin Novoselov, onse obadwira ku Russia, anafalitsa zimene anachita ndi graphite, chinthu chakuda chimene chimakhala m'kati mwa pensulo. Graphite ili ndi timapepala ta maatomu tosanjikizana ngati masamba a buku, ndipo m'milimita imodzi muli timapepala pafupifupi 3 miliyoni. Iwo ankamata selotepi pa graphite n'kumatula, kenaka n'kumatanso pa zimene zamatukazo, mobwerezabwereza mpaka kutsala kapepala kamodzi ka atomu imodzi kuchindikala kwake. Kapepalako kanatchedwa graphene, ndipo awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 2010. Graphene si maginito, koma njira ya selotepi inatsegula khomo loyesera miyala ina yambiri yosanjikizana mofananamo.

Patapita zaka 13, mu 2017, magulu awiri a ku America anafalitsa zotsatira zawo m'magazini ya sayansi ya Nature. Gulu la Xiang Zhang ku Berkeley linapeza maginito m'timapepala tiwiri tosanjikiza ta mwala wa chromium, germanium ndi tellurium. Gulu la Xiaodong Xu wa ku yunivesite ya Washington ndi Pablo Jarillo-Herrero wa ku Massachusetts Institute of Technology linafika pa kapepala kamodzi ka chromium triiodide, kapena CrI3 mwachidule. Kapepala kameneka kali ndi mzere umodzi wa maatomu a chromium pakati pa mizere iwiri ya iodine, ndipo pangafunike timapepala totere toposa 100,000 kuti tifanane ndi tsamba limodzi la buku. Timaginito take timaloza m'mwamba kapena pansi basi, choncho kanadutsira pa khomo limene Mermin ndi Wagner anasiya lotseguka.

Panaonekanso chodabwitsa china. Kapepala kamodzi kanali ndi mphamvu ya maginito. Tikakhala tiwiri, kapamwamba ndi kapansi tinkaloza mosemphana, mphamvu n'kuzimirira. Tikakhala titatu, mphamvu inkabwerera. Magulu onse awiri anaona maginito awo ndi njira imene mphunzitsi wa ku Glasgow uja anapeza zaka 140 m'mbuyomo, chifukwa tizidutswato tinali tating'ono kwambiri moti zipangizo wamba zoyezera maginito sizikanatimva.

Njira Ziwiri Zikumana

Maginito opyapyala chotere ali ndi ubwino umene chitsulo chochindikala chilibe. Kuwala kumawalowa monsemo, pakuti palibe atomu yobisala pansi pa zinzake zambiri. Amamva msanga mphamvu ya kunja: mu 2018 akatswiri a ku Cornell ndi a ku Washington anaonetsa kuti mphamvu yochepa ya magetsi ingathe kusintha kalozedwe ka timapepala tiwiri ta CrI3. Ndiponso timapepala ta miyala yosiyanasiyana tingathe kusanjikizidwa monga mmene mmisiri afunira, n'kupanga chinthu chimene m'chilengedwe mulibe.

Mu 2022 njira ya liwiro ndi njira ya msinkhu zinakumana. Peiyao Zhang ndi anzake a m'gulu la ku Berkeley lija anaonetsa kuti timphezi ta kuwala kozungulira tingathe kutembenuza maginito a CrI3 yopyapyala. Anapeza kuti kutembenukako kumadalira mtundu wa kuwala ndiponso mbali imene kukuzungulirira. Izi zinawapatsa ganizo loti kuwala kumapereka kuzungulira kwake kwa maelekitironi, ndipo maelekitironiwo amakankha timaginito ta chromium kuti titembenuke. M'chaka chomwecho Maciej Dąbrowski ndi anzake a ku yunivesite ya Exeter ku England anasanjikiza CrI3 ndi kapepala kamodzi ka tungsten diselenide, ndipo nawonso anatembenuza maginitowo ndi timphezi ta laser. Kuwala kumene kwa Faraday ndi Kerr kunali mboni, tsopano kunakhala cholembera pa tsamba la maatomu owerengeka.

Zimene Zatsala

Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Luso limeneli likadali m'zipinda zofufuzira, ndipo zopinga zake n'zodziwika. Choyamba ndi kuzizira. Kapepala kamodzi ka CrI3 kamakhala ndi mphamvu ya maginito pokhapokha kakazizira kufika madigiri 228 pansi pa mlingo umene madzi amaundana. Kuzizira kotere kumafuna makina odula, amenenso amadya magetsi ambiri kuposa amene akanapulumutsidwa. Chachiwiri, CrI3 imawonongeka msanga ikakumana ndi chinyezi cha mumpweya, choncho imagwiridwa m'mabokosi otsekedwa ndipo imakutidwa ndi timapepala tina toiteteza. Chachitatu, selotepi imapereka tizidutswa tating'onoting'ono tosafanana, pamene fakitale imafuna mapepala aakulu ofanana ponseponse. Chachinayi chili pa kuwala kwenikweniko. Galasi wamba silingakusonkhanitsire pa kadontho kochepa kuposa pafupifupi theka la utali wa funde lake, ndipo kadontho kotere n'kakakulu maulendo angapo kuposa timaginito ta pa zimbale za masiku ano.

Zina mwa zopingazi zayamba kugwedezeka. Mu 2022 akatswiri a ku Wuhan m'dziko la China anafotokoza za mwala wosanjikizana wa chitsulo, gallium ndi tellurium, umene tizidutswa take topyapyala timasunga mphamvu ya maginito ngakhale pa kutentha koposa madigiri 70. Mu 2024 kampani ya Seagate inayamba kugulitsa zimbale za kompyuta zokhala ndi laser yaing'ono pa mutu wolembera, yotenthetsa kadontho kalikonse kasanalembedwe. Pa zimbale zimenezi wolemba akadali maginito, koma zaonetsa kuti laser ingathe kulowa m'chipangizo chogulitsidwa pa msika n'kumagwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Mbiri imeneyi ikuphunzitsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Faraday anadikira zaka 23 kuti galasi lake limuyankhe. Funso lake lomaliza linadikira zaka 34 kuti Zeeman apeze zipangizo zoyenera. Kutembenuza zimene iye anapeza kunadikira zaka 120 mpaka laser itapangidwa, ndipo masamu a Mermin ndi Wagner anadikira zaka 51 kuti selotepi ipereke kapepala kamodzi ka maginito. Zina mwa zipangizo zimene zinatsegula njira zinali zonyozeka: galasi lolephera ntchito yake ndi selotepi ya mu ofesi. Palibe mmodzi mwa anthu oyambirira aja amene ankaganiza za kompyuta, koma akanaleka kufunsa chifukwa chosaona phindu lapafupi, a m'mbuyo mwawo akanasowa poyambira. Funso limene latsala lafunsidwa kale momveka bwino: kodi kapepala ka maatomu owerengeka kangalembedwe ndi kuwala pa kutentha kwa m'nyumba wamba, mobwerezabwereza, osawonongeka, ndiponso pa mtengo woti anthu n'kukwanitsa? Monga zinalili ndi mafunso ena aja, limenelinso likudikira chipangizo chake ndi mbadwo umene udzachipange.